Ma X-ray ochokera m'mphepo ya nyenyezi zikuluzikulu

Madzulo a February ndi March, cha m'ma 9 koloko, munthu ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete amaona nyenyezi ya Sirius pamwamba pa mutu ndi Canopus chakum'mwera kwake. Chakum'mawa kwa ziwirizi kuli ina yocheperako kuwala, yooneka yabuluu, dzina lake Zeta Puppis. Kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,000 kuti kutifike. Ndi ya gulu lomwe akatswiri a zakuthambo amalitcha O, la nyenyezi zotentha ndi zolemera kuposa zinzake zonse. Pankhope pake pamatentha madigiri pafupifupi 40,000 pa sikelo ya Kelvin, pamene pa Dzuwa pali 5,800 okha, ndipo imawala ngati madzuwa oposa 400,000 ataunjikidwa pamodzi. Alnitak, Alnilam ndi Mintaka, nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana, ndi za mtundu womwewu kapena woyandikana nawo.

Madigiri 40,000 amamveka ambiri, koma pa nkhani ya X-ray n'kuzizira kumeneko. Chinthu chotentha chotere chimatulutsa kuwala kwake kochuluka pa utali wa funde wa ma angstrom pafupifupi 720, m'chigawo cha ultraviolet. Angstrom ndi muyeso waung'ono zedi: mu milimita imodzi alimo 10 miliyoni. Ma X-ray a nyenyezi izi ali pakati pa ma angstrom 5 ndi 30, ndipo mpweya sungawatulutse usanafike madigiri mamiliyoni. Kachidutswa ka kuwala ka ma angstrom 12.4 kamanyamula mphamvu ya 1 keV, yomwe imafanana ndi kutentha kwa madigiri 11.6 miliyoni. Dzuwa lili nawo mpweya wa madigiri mamiliyoni, wotchedwa korona, chifukwa chigawo chake chakunja chimabwata ngati phala pamoto, ndipo kubwatako kumapota maginito omwe amatenthetsa mpweya wa pamwamba. Nyenyezi ya gulu O ilibe chigawo chakuya chobwata chotero kunja kwake. Potengera izi, sinayenera kutulutsa ma X-ray. Koma Zeta Puppis imawatulutsa kuposa Dzuwa maulendo oposa 10,000.

Mmene zinadziwikira

Ma X-ray sadutsa mpweya wa dziko lathu, choncho zonse zimayezedwa ndi maroketi ndi masetilaiti. Setilaiti ya Copernicus, yomwe inaponyedwa mu 1972 kukayeza ultraviolet, inapeza m'mphepo (mpweya wothawa m'nyenyezi) ya Zeta Puppis ndi ya Tau Scorpii okosijeni wotaya maelekitironi asanu, yemwe amalembedwa O VI. Kuwala kwa pankhope ya nyenyezi kumatha kuzula atatu, koma pa asanu kumalephera. Mu 1979 Joseph Cassinelli ndi Gordon Olson analongosola kuti ma X-ray angachite zimenezi: kachidutswa ka X-ray kamazula elekitironi ya mkatikati mwa atomu, ndipo atomuyo podzikonza imatayanso ina, awiri n'kuchoka nthawi imodzi. Iwo anaganiza kuti patsinde pa mphepo pali korona wopyapyala.

Einstein Observatory inaponyedwa mu November 1978. Mwezi wotsatira ataloza telesikopuyi ku gwero la ma X-ray lotchedwa Cygnus X-3, pachithunzi panatulukira timadontho tina tosayembekezeka, tomwe tinagwera ndendende pa nyenyezi za gulu O za m'khamu la Cygnus OB2. Ku mtambo wowala wa Carina kunapezekanso zomwezo. Posakhalitsa zinaoneka kuti pali lamulo losavuta modabwitsa: ma X-ray a nyenyezi yotere amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a kuwala kwake konse. Setilaiti ya ROSAT, yomwe inaunika thambo lonse kuyambira 1990, inatsimikiza lamuloli.

Korona wa patsinde uja sanapirire mayeso. Akanakhalapo, ma X-ray ake akanadutsa m'mphepo yonse asanatuluke, ndipo ofewa, a mphamvu yochepera 1 keV, akanamezedwa pafupifupi onse. Poyeza anapeza kuti ofewawo ndiwo ochuluka. Gwero lake ndiye liyenera kukhala mkati mwa mphepo momwemo, lomwazikana, pomwe mpweya wotsala kutsogolo kwake ndi wochepa.

Mphepo yokankhidwa ndi kuwala

Mphepo ya nyenyezi ndi mpweya wa nyenyeziyo womwe ukuthawira kunja osabwereranso. Donald Morton anaiona mu 1967 pa nyenyezi za Orion ndi chipangizo chokwezedwa pa roketi. Dzuwa nalo lili ndi yake, ya makilomita 400 mpaka 800 pa sekondi, koma ndi kamphepo kabe. Ya Zeta Puppis imafika makilomita 2,250 pa sekondi, ndipo chaka chilichonse imachotsa mpweya wolemera pafupifupi ngati dziko lathu lonseli, kuposa zomwe Dzuwa limataya maulendo oposa 100 miliyoni.

Kachidutswa kalikonse ka kuwala kamakankha pang'ono chinthu chomwe chakameza. Maatomu a kaboni, naitirojeni, okosijeni ndi chitsulo ndi ochepa m'nyenyezi, osafika 2 peresenti ya kulemera kwake, koma ali ndi mautali a funde masauzande ambiri omwe amameza. Mautali amenewa amatchedwa mizere, chifukwa kuwala kukayalidwa ngati utawaleza, chomwe ndi sipekitiramu, amaoneka ngati timizere. Maatomuwa akakankhidwa amakoka haidirojeni ndi heliyamu ndi mphamvu ya magetsi. Chothandiza kwambiri ndi lamulo la Doppler, lomwe limachititsa kuti kulira kwa ambulansi kusinthe ikamakudutsani. Atomu yothawa nyenyezi imaona kuwala kutatalika funde pang'ono, ndiye imameza utali womwe anzake a m'munsi sanaukhudze. Ikamathamangira, imapezabe kuwala kwatsopano. Leon Lucy ndi Philip Solomon anayala ganizoli mu 1970, ndipo John Castor, David Abbott ndi Richard Klein analimaliza ndi masamu mu 1975. Mtunda wochoka pakati pa nyenyezi kufika pankhope tiutche R. Pa 1.5 R mphepo imakhala pa gawo limodzi mwa atatu a liwiro lake lomaliza, pa 2 R ili pa theka, pa 10 R ili pa 90 peresenti.

Kukankha kotereku kuli ndi chilema, ndipo ma X-ray amabadwira pa chilemacho. Chimanga chikabzalidwa mothinana, phesi lomwe latalika pang'ono kuposa anzake limatuluka mu mthunzi, limalandira dzuwa lochuluka, limakula msanga, n'kuwasiyiratu anzake. M'mphepo ya nyenyezi mthunzi wake ndi wa utali wa funde. Kagawo ka mpweya kakathamanga pang'ono kuposa koyandikana nako, kamachoka mu mthunzi wa mpweya wa m'munsi, kamalandira kuwala kosamezedwa, kamakankhidwa kwambiri, kamathamangiratu. Stanley Owocki ndi George Rybicki anawerengera mu 1984 kuti kachisokonezo kotere kamakula mofulumira pafupifupi maulendo 100 kuposa mmene mphepoyo imafutukukira. Mphepo yosalala singakhalitse.

Mpweya wothamangawo umakawomba wochedwa womwe uli kutsogolo. Phokoso limayenda makilomita pafupifupi 20 okha pa sekondi m'mphepoyi, choncho mpweya wakutsogolo sukhala ndi mpata wopatuka. Pamapangika chomwe akatswiri amachitcha shock: kamalire kopyapyala pomwe mpweya umachedwa mwadzidzidzi, umathinana kanayi, ndipo liwiro lomwe wataya limasanduka kutentha. Masamu ake ndi oti aliyense angawachite. Tengani kusiyana kwa liwiro, mugawe ndi makilomita 1,000 pa sekondi, muchulukitse yankholo ndi lokha, kenaka ndi madigiri 14 miliyoni. Kusiyana kwa 300 kumapereka madigiri 1.3 miliyoni. Kwa 500 kumapereka 3.5 miliyoni. Kwa 1,500 kumapereka oposa 30 miliyoni, ndipo kwa 3,000 kumapitirira 120 miliyoni. Nambala zinayizi muzisunge, chifukwa kutentha komwe telesikopu yayeza kumakuuzani liwiro la kugundana, ndipo liwirolo limakuuzani chomwe chikugunda chinzake. Pa Zeta Puppis mpweya wambiri wotentha uli pa madigiri mamiliyoni ochepa. Ndiye kuti mphepo ikungopezana yokhayokha panjira, kusiyana kwake kuli mazana angapo a makilomita pa sekondi.

Owocki, Castor ndi Rybicki atayesa izi pa kompyuta mu 1988, ma shock anatulukadi, koma ma X-ray ake anali ochepa kwambiri, chifukwa mpweya wothamangawo ndi wopepuka. Achim Feldmeier ndi anzake anaonetsa mu 1997 kuti ochuluka amatuluka pamene timibulu tothina tagunda mibulu inzake. Pamenepo panabukanso vuto lina: pa kompyuta kuwalako kunkakwera ndi kutsika kwambiri m'maola ochepa, pamene nyenyezi zenizeni zimawala mokhazikika. Yankho n'lakuti mibulu ndi yambirimbiri ndipo iliyonse imagunda pa nthawi yake. Yaël Nazé, Lidia Oskinova ndi Eric Gosset, pounika mu 2013 zoyeza za zaka pafupifupi khumi za telesikopu ya XMM-Newton, anapeza kuti m'mphepo ya Zeta Puppis muyenera kukhala mibulu yoposa 100,000 pa nthawi imodzi. Kusintha kochepa komwe kulipo n'kwapang'onopang'ono, ndipo kwina kumabwereza masiku 1.78 aliwonse, monga kuwala kwake kooneka ndi maso.

Kuyeza mphepo ndi mizere

Mphamvu ya ma X-ray omwe amatuluka ku Zeta Puppis sifika gawo limodzi mwa magawo 10,000 a mphamvu ya mphepo yake. Phindu lawo lili pa zomwe amaulula. Telesikopu ya Chandra inaponyedwa pa 23 July 1999, XMM-Newton pa 10 December chaka chomwecho, ndipo zonse zili ndi ma grating, zipangizo zomwaza ma X-ray motsata utali wa funde. Ndi zimenezi mizere inayamba kuoneka umodziumodzi (zilembo ndi chidule cha dzina la atomu, nambala ya Chiroma ikusonyeza maelekitironi otayika, monga pa O VI uja): Si XIV pa ma angstrom 6.18, Mg XII pa 8.42, Ne X pa 12.13, Fe XVII pa 15.01, O VIII pa 18.97, N VII pa 24.78. Liwiro la makilomita 2,250 pa sekondi limasuntha mzere wa O VIII ndi 0.14 angstrom mbali iliyonse, pamene grating ya MEG ya Chandra imasiyanitsa 0.023. Mzere umodzi umakhala ndi tizigawo tokwanira kuona maonekedwe ake.

Zeta Puppis itayezedwa mu 2000, mizere inaoneka yotambalala, umboni woti mpweya wotenthawo ukuuluka pamodzi ndi mphepo. Inalinso yopendekera ku mafunde aafupi. Mu October tchire likamapsa, moto wapafupi umaoneka bwino koma wa kutsidya kwa dambo umabisika mu utsi. Apanso ndi chimodzimodzi. Mpweya wotentha wa mbali yathu ukubwera kwa ife, ndiye kuwala kwake kumafupika funde, ndipo kumadutsa mphepo yochepa. Wa kuseri ukutithawa, kuwala kwake kumatalika funde, ndipo kumadutsa mphepo yambiri yozizira yomwe imakumeza. Mbali ya mafunde aatali imadyeka. Mphepo ikachuluka, mzere umapendekera kwambiri.

Owocki ndi David Cohen anasandutsa izi kukhala sikelo mu 2001. Woyeza amayamba wasankha mizere yoyera, yosasakanikirana ndi ina. Liwiro lomaliza amalitenga ku mizere ya ultraviolet n'kulikhazika. Pa mzere uliwonse amafufuza nambala ziwiri. Yoyamba ndi mtunda pomwe ma X-ray amayambira. Yachiwiri, yotchedwa tau, ndi kuchuluka kwa kumeza: mphamvu yomeza ya gilamu imodzi ya mpweya, kuchulukitsa ndi mpweya wotayika pa sekondi, kugawa ndi 4π × R × liwiro lomaliza. Mphamvu yomezayo imawerengedwa kuchokera ku maatomu omwe ali m'mphepo, ndipo imakula utali wa funde ukamakula. Choncho tau wa Si XIV ayenera kukhala wamng'ono, wa O VIII wamkulu, ndipo kukula kwake kumapereka mpweya womwe nyenyezi ikutaya. Mu 2010 Cohen ndi anzake anapeza kuti pa Zeta Puppis ma X-ray amayambira pafupi ndi 1.5 R, ndipo nyenyeziyi imataya magawo 3.5 mwa miliyoni a kulemera kwa Dzuwa pachaka. Mzere wa haidirojeni wa H-alpha unkapereka 8.3.

Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake, ndipo ndi mibulu yomwe ija. Kuwala kwa H-alpha, ngatinso kwa wailesi, kumachokera pa kukumana kwa tizidutswa tiwiri, ndiye kumatsata kuthinana kochulukitsidwa ndi kokha. Tengani mpweya womwewo, muupanikize mu theka la malo. Kuthinana kwawirikiza kawiri, kuwala pa malo aliwonse kanayi, malo achepa ndi theka, ndiye kuwala konse kwawirikiza kawiri mpweya usanaonjezeke. Woyeza yemwe akuganiza kuti mphepo ndi yosalala adzanena kuti mpweya ndi wambiri kuposa womwe ulipo. Mibulu ikakweza kuwalaku ka 10, amaphonya ka 3. Kumeza kwa ma X-ray kumangowerenga maatomu omwe ali panjira, kaya aunjikana kaya amwazikana. Ife timaona kuti pa njira zonse zoyezera nyenyezi imodzi yokha, iyi ndiyo yosanyengeka msanga. Nkhaniyi si yaing'ono: m'zaka miliyoni imodzi, 8.3 ndi 3.5 zimasiyana ndi madzuwa pafupifupi asanu, ndipo zomwe zatsala ndizo zimadzapanga black hole nyenyeziyo ikafa.

Pali chotsutsa chimodzi cholemera. Udzu womwewo ukayalidwa padenga umatchinga dzuwa, koma ukamangidwa m'mitolo kuwala kumadutsa m'mipata. Ngati mibulu ndi yaikulu moti umodzi wokha umameza ma X-ray onse ougunda, maatomu a mkati mwake amabisalirana, kuwala kumathawira m'mipata, ndipo mzere umapendekera pang'ono ngakhale mpweya uli wambiri. Feldmeier, Oskinova ndi Wolf-Rainer Hamann anakweza mfundoyi mu 2003. Mayeso ake ndi akuti mipata ikalamulira, tau amafanana pa mizere yonse, chifukwa m'bulu wotsekeratu susankha utali wa funde. Pa Zeta Puppis tau amakula ndi utali wa funde, ndipo Maurice Leutenegger ndi anzake mu 2013 anapeza kuti mipata imathandiza pang'ono chabe.

Muyeso wina wa mtunda umachokera ku maatomu otsala ndi maelekitironi awiri okha. Aliwonse amapereka mizere itatu yoyandikana, yotchedwa r, i ndi f: O VII pa 21.60, 21.80 ndi 22.10, Mg XI pa 9.17, 9.23 ndi 9.31, Si XIII pa 6.65, 6.69 ndi 6.74. Mzere wa f umachokera pa sitepe yomwe elekitironi imachedwa kutsikapo. Popanda chosokoneza, f amaposa i kawiri mpaka kanayi. Koma pafupi ndi nyenyezi ya gulu O ultraviolet ndi wochuluka, ndipo amakweza elekitironi yodikirayo kupita pa sitepe ya i isanatsike. Mzere wa f umafooka, wa i umakula, ndipo kufookako kumatsata mtunda kuchokera pankhope. Apa ambiri amapunthwa pawiri. Ultraviolet wokweza Si XIII ali pa ma angstrom 815 ndi 865, kufupi kuposa 912 pomwe haidirojeni wa pankhope amameza kwambiri, ndiye kuchuluka kwake kumangodalira mawerengedwe a kompyuta, ndipo kulakwa kwake kumalowa mu mtunda. Chachiwiri, kutenga mtunda umodzi ngati kuti mpweya wonse wotentha uli pa mpita umodzi kumasokeretsa, popeza uli womwazikana kuyambira 1.5 R kupita kunja.

Lamulo lija la gawo limodzi mwa 10 miliyoni silinali losavuta kulilongosola. Ma shock a mphepo yopepuka amazizira pofutukuka, ndipo ma X-ray ake amakula mofulumira kuposa kuwala kwa nyenyezi. A mphepo yothina amazizira powala, ndipo amakula mosiyananso. Owocki ndi anzake mu 2013 anati kusakanikirana kwa mpweya wotentha ndi wozizira pa ma shock othina ndiko kumabweretsa lamuloli. Pa nyenyezi zozizira kuposa za B1 (gulu B ndi lotsatira O pa kutentha) mphepo imafooka ndipo lamuloli limasweka: ma X-ray amatsika ka 10 kapena ka 100.

Maginito akagwira mphepo

Pakati pa mtambo wowala wa Orion pali nyenyezi zinayi zotchedwa Trapezium, zomwe telesikopu yaing'ono imaziona. Yowala kwambiri, Theta-1 Orionis C, imaswa zonse zomwe tanenazi. Mpweya wake umafika madigiri pafupifupi 30 miliyoni, mizere yake ndi yopapatiza, ya makilomita mazana ochepa pa sekondi, ndipo ma X-ray amakwera ndi kutsika masiku 15.4 aliwonse. Kutentha kukuti kugundana kunali kwa makilomita 1,500 pa sekondi, koma mizere ikuti mpweya wotenthawo sukupita kulikonse.

Jacques Babel ndi Thierry Montmerle anapereka yankho mu 1997, ndipo mu 2002 Jean-François Donati ndi anzake anayeza maginito a nyenyeziyi: ma gauss pafupifupi 1,100, pamene a dziko lathu ali pa theka la gauss. Mpweya wa mphepo uli ndi magetsi, ndiye sungadutse mizere ya maginito, umaitsata. Wochokera kumpoto ndi wochokera kum'mwera umakhotetsedwa n'kukakumana maso ndi maso kunja kwa nyenyezi, pakati pa mbali ziwirizo, liwiro lonse n'kuthera pomwepo. Asif ud-Doula ndi Owocki anaika nambala yoyezera yemwe akupambana: maginito ndi R, chilichonse chochulukitsidwa ndi chokha, kugawa ndi mpweya wotayika kuchulukitsa ndi liwiro. Ikapitirira 1, maginito agwira mphepo, ndipo pa nyenyezi iyi amaigwira mpaka pafupi ndi 2 R. Maginitowo ndi opendekeka poyerekeza ndi mmene nyenyezi imazungulirira, choncho nthawi ina timaona mpita wonse wotentha kuchokera pamwamba, nthawi ina timauonera m'mbali nyenyezi itatchinga gawo lina. Kafukufuku wa MiMeS anapeza maginito otere pa 7 peresenti ya nyenyezi zikuluzikulu. Nyenyezi ya NGC 1624-2 ili ndi ma gauss pafupifupi 20,000, ndipo mpweya womwe yaugwira ndi wochuluka moti umameza ambiri mwa ma X-ray ake omwe.

Mphepo ziwiri zikakumana

Nyenyezi zambiri za gulu O zili ndi zinzake zozungulirana nazo. Zonse ziwiri zikakhala ndi mphepo, mphepozo zimawombana pa liwiro lonse, ndipo mzere wa Fe XXV pa 6.7 keV umatuluka, womwe nyenyezi ngati Zeta Puppis simakhala nawo wooneka. Malo okumanirana amatsata mphamvu yokankha, ndiye kuti mpweya wotayika kuchulukitsa ndi liwiro. Ina ikaposa inzake ka 25, malirewo amakhala pa gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi a mtunda kuchokera pa yofookayo, atapindika moizungulira ngati mbale.

Ian Stevens, John Blondin ndi Andrew Pollock anagawa kuwombana kotereku m'magulu awiri mu 1992. Nyenyezi zikatalikirana, mpweya wotentha umasefukira m'mbali usanazizire, ndipo ma X-ray amakwera mtunda ukamachepa: theka la mtunda, kuwala kawiri. Zikayandikana, mpweya umazizira pomwepo, malire amapyapyala n'kung'ambikang'ambika. Palinso china: kuwala kwa nyenyezi inzake kumatha kuchedwetsa mphepo ikubwera, kutentha n'kutsika pa nthawi yomwe mumayembekezera kuti kukwere.

WR 140 ya ku Cygnus ndi chitsanzo choyera. Nyenyezi ya Wolf-Rayet (nyenyezi yaikulu yomwe yataya zigawo zake zakunja) yodzaza kaboni ndi ya gulu O zimazungulirana zaka 7.93, mphepo zonse zili pafupi ndi makilomita 3,000 pa sekondi, ndipo mtunda pakati pawo umachepa pafupifupi ka 19 pa kuyandikana, monga mu December 2016 ndi November 2024. Ma X-ray amakwera motsata mtunda kwa zaka, kenaka pafupi ndi kuyandikana amaperewera, mbali ina chifukwa mphepo yothina ya Wolf-Rayet yadutsa kutsogolo, mbali ina chifukwa mpweya wayamba kuzizira msanga. Mpweya wozizirawo umapanga fumbi la kaboni, ndipo telesikopu ya James Webb mu 2022 inajambula mipita 17 ya fumbi limeneli, umodzi pa kuzungulira kulikonse.

Eta Carinae, yomwe imaoneka madzulo a April ndi May kufupi ndi Southern Cross, ndi yovutirapo. Nyenyezi yaikulu ili ndi mphepo ya makilomita pafupifupi 420 pa sekondi, yomwe singapitirire madigiri 3 miliyoni. Koma ma X-ray ake ali pa madigiri pafupifupi 50 miliyoni. Augusto Damineli anapeza mu 1996 kuti imabwereza zaka 5.5 zilizonse, ndipo mu 2002 Julian Pittard ndi Michael Corcoran anawerengera kuchokera ku ma X-ray kuti pali inzake ya mphepo ya makilomita 3,000 pa sekondi. Inzakeyo sinaonekepo payokha. Timaidziwira pa kugundaku. Pa kuyandikana ma X-ray amazima: mu 1998 ndi 2003 kwa miyezi yoposa iwiri, mu 2009 anabwerera msanga. Telesikopu ya NuSTAR inapezanso ma X-ray olimba ochokera ku maelekitironi othamangitsidwa pa shock, ndipo matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia analandira ma gamma ray kuchokera kumeneko.

Pomwe woyeza amalakwira

Zoyezedwa ndi Chandra ndi XMM-Newton zimatsegulidwa kwa aliyense pakatha chaka, ndipo mapulogalamu ake, CIAO, SAS ndi XSPEC, ndi aulere, moti wophunzira wa fizikisi yemwe ali ndi laputopu ndi intaneti angabwereze zonsezi. Misampha yake ndi iyi.

Mpweya womwe uli pakati pa ife ndi nyenyeziyo umameza ma X-ray ofewa, ndipo uyenera kuwerengedwa padera ndi kumeza kwa mphepo. Umapezeka pa kufiira kwa kuwala kwa nyenyezi: maatomu a haidirojeni 5.8 × 10²¹ pa sikweya sentimita pa muyeso umodzi wa kufiirako, wotchedwa E(B−V). Mukasiya kompyuta isankhe nambala iyi pamodzi ndi kutentha, imatha kukupatsani mpweya wozizira wambiri wobisika kuseri kwa kumeza kwabodza, ndipo masamu amaoneka okhoza. Kugwiritsa ntchito kasakanizidwe ka maatomu ka Dzuwa kumasokeretsanso: Zeta Puppis ili ndi naitirojeni wochuluka, kaboni ndi okosijeni wochepa, ndipo izi zimasintha mphamvu yomeza, zomwe zimasintha yankho lonse.

Mizere ina si yoyera. Ne IX pa 13.5 yasakanikirana ndi Fe XIX, Fe XVII pa 17.05 ili ndi mnzake pa 17.10, ndipo N VII ili ndi N VI m'mbali mwake. Mizere yamphamvu kwambiri, monga ya N VI ndi O VII, imamwaza kuwala kwake komwe, n'kuoneka yolingana mbali zonse ngati kuti mphepo ndi yochepa. Tizigawo ta grating timakhala ndi tizidutswa towerengeka, choncho chi-square wamba, njira yoyezera ngati masamu akugwirizana ndi zoyeza, amakondera. Pamafunika njira ya Webster Cash ya 1979.

Kamera nayo ili ndi zake. ACIS ya Chandra imawerenga masekondi 3.2 aliwonse, ndipo tizidutswa tiwiri ta 1 keV tikagwa pamalo amodzi m'nthawi imeneyo timalembedwa ngati kamodzi ka 2 keV, nyenyezi n'kuoneka yotentha kuposa mmene ilili. Kuwala wamba kwa nyenyezi yowala kumadutsa sefa n'kudzaza kamera za EPIC za XMM-Newton, n'chifukwa chake amaika sefa yochindikala. Pa sefa ya ACIS pakhala pakuunjikana litsiro chiyambire, moti kufananiza zoyeza za 2000 ndi za 2019 popanda mafayilo atsopano okonzera kumaonetsa kufooka komwe kulibe.

Ndipo kadontho ka X-ray kakagwera pa nyenyezi yaikulu sikuti ndi kake. Nyenyezi zing'onozing'ono zongobadwa kumene zili ndi korona wamphamvu kuposa wa Dzuwa maulendo mazana kapena masauzande, ndipo zadzaza m'makhamu momwe nyenyezi za O ndi B zimakhala. Chandra imasiyanitsa theka la arcsecond (gawo limodzi mwa 3,600 a digiri ya pathambo), koma pa mtunda wa Carina thekalo ndi maulendo oposa 1,100 a mtunda wa pakati pa ife ndi Dzuwa. Pa nyenyezi ya gulu O kanzake kotere kamamira. Pa ya B5 kapena B8, yomwe mphepo yake ndi yofooka, kamakhala gwero lonse. Kamadziulula ndi kung'anima kokwera m'mphindi zochepa n'kutsika kwa maola, komanso mizere yopapatiza yokhala ndi f wamphamvu, chifukwa kali kutali ndi ultraviolet wa nyenyezi yaikuluyo.